Mbuzi Imene Agogo Anu Anakana Kuzinga

Ana inu, tazimitsani kaye tinthu tanuto. Iwe Madalitso ndikukuona, wabisa foni pansi pa ntchafu ngati nkhuku yofungatira mazira. Tadala, siya kupinda zovalazo, chikwama sichithawa. Mawa ukupita ku sukulu ya ubusa, ndipo sindikufuna upite ndi nkhani za amalume ako zokhazokha, zoti agogo anu aamuna anali munthu woyera wosaponda pansi. Ankaponda pansi amene aja, masokosi awo ndinkachapa ndine. Khalani apa ndikuuzeni za mbuzi ina imene inatsala pang'ono kutibweza kwathu ku Dedza opanda kolala.

Poyamba mudziwe kuti sukulu ya ubusa ya masiku amenewo sinali ngati yakoyi, Tadala, yoti mtsikana n'kunyamula laputopu n'kukakhala pa mpando wakutsogolo. Ife akazi tinkapita ngati katundu wa amuna athu. Iwo ankalowa m'kalasi kukalimbana ndi Chigiriki, ife n'kulowa m'kanyumba kena kuseri kukaphunzira kusoka, kuphika makeke ndi kutsogolera mapemphero a amayi. Sindikudandaula ayi, koma akanandipatsa mabuku aja ndikanawaposa agogo anu, ndipo iwo akudziwa zimenezi kumene aliko. Chuma chathu chonse chinali thiranki yachitsulo yodzaza mabuku, pulayimasi yotulutsa utsi, ndi nsimbi ya makala. Inu magetsi akangothima mumalira ngati kwagwa maliro. Ine ndinkapeta nsimbi m'mwamba kuti makala ayake, kakhala kamodzi kakangodumphira pa malaya oyera, ndiye kuti Lamulungu limenelo agogo anu alalikira atavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Pa sukulupo panali mphunzitsi wina wokalamba, wa mano owerengeka, amene sankaphunzitsa Chigiriki. Iye ankawatenga ophunzira n'kupita nawo kumsika, kuchipatala ndi kumaliro, n'kuwauza kuti akhale pansi, atseke pakamwa, amvetsere. Agogo anu zinkawavuta, pakuti pakamwa pawo panalibe chitseko. Tsiku lina anabwera kunyumba akubwereza mawu a mkuluyo: "Mpingo wako suthera pa benchi yomaliza. Ponse pamene pafika fungo la ndiwo za m'nyumba mwako, pamenepo ndi pako." Ine ndinaseka mpaka kutsamwa, chifukwa ndiwo zathu zinali bonongwe wopanda mafuta, fungo lake silinkafika ndi pakhomo pomwe.

Ukamaliza maphunziro sankakuveka kolala nthawi yomweyo. Ankakutumiza kaye ku mpingo wina ukayesedwe chaka chathunthu. Chaka chikamatha kunkabwera abusa aakulu, n'kufunsa akulu a mpingo pamaso pa anthu onse kuti, "Kodi mwana uyu timuike manja?" Mkulu mmodzi yekha akati ayi, basi, unkamanga katundu. Ife anatitumiza ku Lungwena.

Ulendo wake! Basi inatitula pa boma pompano, tinawoloka pa mlatho wakale uja, wopapatiza, woti galimoto ziwiri sizinkapambana. Kutsidyako tinakwera lole ya mchere ndi madengu opanda kanthu onunkha usipa. Ine mwana wa kumapiri ndinali nditavala juzi, poti amayi anga anandiuza kuti mkazi wa abusa asamaonetse mikono. Pofika ku Lungwena ndinali nditasungunuka. Tchalitchi chake chinali chofolera ndi udzu, Akhristu ake mabanja owerengeka, aphunzitsi, wazaumoyo ndi asodzi angapo. Ena onse otizungulira anali Asilamu. Mbewa, zimene ndinakulira, ndinazisiya chaka chimenecho, ndipo mpaka lero ndikamva fungo lake pamsewu mtima umandiwawa. Usakwinye nkhope iwe Madalitso, sunalawepo.

Zinali zaka zija za nkhondo ya ku Mozambiki. Anthu ankatsika mapiri a kum'mawa aja, mitolo pamutu, mapazi otupa, ena opanda ndi mtolo womwe. Ena anamanga misasa kuseri kwenikweni kwa tchalitchi chathu. Chakudya chawo chinali ufa wachikasu ndi nandolo, zobwera pa lole tsiku limene lole yafuna. Nyama ankangoimva m'nkhani.

Tsono pa mpingopo panali mkulu wina dzina lake a Matewere. Tchalitchi chija anachimanga ndi manja awo. Anabadwa Msilamu, n'kulowa Chikhristu ali mnyamata, ndipo kuyambira tsiku limenelo abale awo anasiya kudya pakhomo pawo. Anali munthu wosaseka wamba, ine ndinkawaopa komanso ndinkawalemekeza. Pakati pa othawa nkhondo aja panali mkulu wawo weniweni, bere limodzi, Che Amidu, amene anakakwatira kutsidya la malire kalekale. Anabwerako ndi akazi awo, Abiti Saidi, ndi zidzukulu, m'manja muli mpeni umodzi wokha, kumutu mzuli wong'ambika. A Matewere sanali munthu woipa ayi. Ankatumiza ufa ndi nsomba kwa achimwene awowo kudzera mwa akazi awo. Koma iwo eni akakumana panjira ankapatsana moni ngati anthu okumana pa chigayo, ndipo kudyera mbale imodzi kunali kutatha kalekale.

Inu obadwira kuno mukudziwa kuti Msilamu sadya nyama yozinga munthu amene si Msilamu. Nsomba alibe nazo vuto, koma nkhuku kapena mbuzi, ayi, azinge mnzawo, atchule dzina la Mulungu monga mwa mwambo wawo. Lero ngakhale pa ukwati wa kutchalitchi mumathamangira kukaitana Msilamu adzazinge, osaganizako n'komwe. Pa mpingo uja sizinali choncho. A Matewere anaika mwambo woti mbuzi ya Khirisimasi izizingidwa ndi mtsogoleri wa mpingo, ndi mpeni wawo wa a Matewerewo, n'kudyedwa m'kati mwa mpanda wa tchalitchi. Ankaitcha nyama ya Akhristu. Chaka chimenecho mtsogoleri anali agogo anu, ndipo abusa aakulu anali atatumiza mawu kuti adzabwera pa Khirisimasi pomwepo kudzafunsa funso lija.

Apa ndiye ndikuuzeni chimene amalume anu sadziwa. Agogo anu ankaopa magazi. Mwamuna wamtali, mawu ngati ng'oma, koma akangoona nkhuku yagwidwa mapiko, ankanyamula buku n'kunena kuti, "Mayi, ndikukasinkhasinkha Mawu." Nkhuku zonse za m'banja mwathu ndinkazinga ndine, kuseri kwa khitchini, mobisa, kuti anthu asaseke abusa.

Khirisimasi ili pafupi, Abiti Saidi anadwala. Anali ataonda, mikono ngati timitengo. Ine ndinazinga nkhuku, ndinaiphika bwinobwino ndi tomato ndi anyezi, n'kupita nayo kumsasa kwawo. Anavundukula mbale, ananunkhiza, ndinaona kukhosi kwawo kukuyenda. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Amayi, wazinga ndani?"

"Ndazinga ndine ndemwe."

Anavundikira mbale ija n'kundibwezera ndi manja awiri, misozi ikutsika. "Sikomo kwambiri, amayi. Mulungu waona. Koma sindingathe."

Ndinapsa mtima, ana inu, sindikubisirani. Ndinafika kunyumba ndikuyaka. Ndinati, "Abambo, mwaona anthu anuwa? Munthu akufa ndi njala koma akusankha! Nkhuku yanga yabwera ndi mbale yake!" Ndinkayembekeza kuti andithandiza kukalipa. Iwo anayang'ana mbaleyo. Ndiye anati, "Fungo lafika, mayi, koma ndiwo sizinafike. Nanga pa Khirisimasi, mbuzi yathunthu ikamadzanunkhira kuseri kwa mpandaku, tidzawatseka mphuno?"

Lamulungu lotsatira, atatha mapemphero, anauza akulu a mpingo kuti chaka chino mbuzi azinge Che Amidu, ndipo chipata cha mpanda chitsegulidwe kuti aliyense adye. Ine ndinali pakhomo, ndinamva zonse. Akulu enawo anangoyang'ana pansi. A Matewere anaimirira pang'onopang'ono.

"Abusa, mwati azinge ndani?"

"Achimwene anu, bambo."

"Mbuzi ya kubadwa kwa Ambuye, aizinge munthu amene amati dzanja langa ndi lodetsedwa? Inu mwabwera dzulodzuloli ndi thiranki ya mabuku. Ine ndinataya mayi, ndinataya abale chifukwa cha tchalitchi chino. Amayi anga anamwalira osalawa ngakhale madzi a pakhomo panga. Lero mukuti ndipereke mpeni?" Anatenga chipewa chawo. "Abusa aakulu akadzandifunsa, ndidzanena zimene zili mumtima mwanga."

Tsiku limenelo m'nyumba mwathu munali nkhondo yoposa ya kumapiri. Ndinati, "Abambo, kodi mutu wanu uli bwino? Zaka zonse zija za bonongwe mukufuna zithere pa khosi la mbuzi? Dikirani akuikeni kaye manja, chifundo chanucho muchiyambe Januwale!" Ndinali ndi pakati pa amayi ako, Tadala, ndipo ndinkadziona ndikubwerera ku Dedza pa lole ya mchere, anthu akuloza kuti awo analephera ubusa. Ndinawauzanso chimene chinali kumtima kwanga. "Ndipo musandinamize ine. Mukungothawa mpeni inu." Iwo anaseka pang'ono, koma sanasinthe.

Chimene anachita n'chakuti tsiku ndi tsiku ankapita kwa a Matewere, n'kukhala pa khonde pamene mkuluyo ankasoka ukonde. Ndinkaganiza kuti akukawathira mavesi ndi Chigiriki chija, poti ndiye zida zawo. Koma mayi Matewere anandiuza kuti abusa amangokhala, kugwirira ukonde, kumvetsera. Munthu woti ngakhale m'tulo ankalalikira! Anamva za mayi awo a Matewere, za tsiku limene mbale yawo inaikidwa payokha, za maliro amene anaimirira patali ngati mlendo. Tsiku lomaliza lokha ndi pamene anayankhulako. Anati, "Bambo, sindikunena kuti bala lanu ndi laling'ono. Koma mbuzi ija si nsembe, ndi ndiwo. Nsembe yathu inaperekedwa kale, ndipo palibe mpeni ungaichotsere kanthu." A Matewere anayankha osadzutsa mutu, "Kwa inu ndi ndiwo." Agogo anu anabwera kunyumba opanda yankho, ine n'kuyamba kuyang'ana chingwe chomangira thiranki.

Khirisimasi inafika ndi kamvula ka m'mawa. Abusa aakulu anabwera pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo, munthu wa nkhope yosawerengeka. Agogo anu analalikira, ndipo chifukwa cha mantha ulaliki unatalika kuposa masiku onse, mpaka mayi wina anagwa pa benchi ndi tulo. Titatuluka, Che Amidu anali ataima kale pansi pa mtengo, atavala mkanjo woyera wobwereka, mpeni wawo uja atanola mpaka kung'anima. Mapoto ndinali nditabwereka kwa mayi wina wa Chisilamu wogulitsa nsomba, kuti pasakhale wokayika kuti munaphikidwapo chiyani.

Tsono agogo anu, pofuna kundionetsa ine kuti sakuthawa, anavula jekete n'kunena kuti miyendo ya mbuzi agwira okha. Anagwada, anagwira. Che Amidu anatembenuza mbuzi ija kuloza kumene iwo amaloza popemphera, anati Bisimila, n'kudutsitsa mpeni. Agogo anu anatsinzina mwamphamvu, milomo ikunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Amayi a mumpingo ananong'onezana kuti, "Taonani abusa akupemphera." Ine ndinangoluma nsalu kuti ndisaphulike, poti pempherolo ndinkalidziwa. Linali loti asakomoke pamaso pa abusa aakulu.

Mpunga unapsa, nyama inapsa, chipata chinatsegulidwa. Analowa anthu a m'misasa aja, mwamanyazi poyamba, kenako ndi ana awo. Abiti Saidi anachita kunyamulidwa n'kukhazikidwa pa mkeka, ndipo ndinawaona akumwa msuzi pang'onopang'ono atatseka maso. Mkwiyo wa nkhuku yanga unathera pamenepo. Koma mtima sunakhale pansi, chifukwa a Matewere sanalowe. Anakhala kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, atatifulatira, mpeni wawo uli pamiyendo. Abusa aakulu ankadya mwakachetechete, maso ali komweko.

Mwambo wake unali woti wozinga amatenga khosi. Che Amidu anakana khosi, anapempha chiwindi. Anachiwotcha okha pa makala, anathira mchere, anachiika pa mbale imodzi, n'kutuluka nacho pa chipata. Ine ndinanyamula beseni n'kukakhala chapafupi ngati ndikutsuka mbale. Musandiyang'ane choncho, amayi busa ayenera kudziwa zochitika mumpingo.

Che Amidu anakhala pansi pafupi ndi mng'ono wawo n'kuika mbale pakati.

"Mpwanga, amayi ankati chiwindi n'cha wamng'ono. Ukukumbuka? Ine ndinkalira nacho."

"Nyama yanu imeneyo," anatero a Matewere, osacheuka.

"Mbuzi ndi ya mpingo wako. Mpeni ndi wanga. Mbaleyi ndi ya amayi awa akunamizira kutsukawa. Tsono nyamayi ndi ya ndani?"

Che Amidu anatulutsa mpeni wawo n'kuuika pansi.

"Mpeni uwu ndinakumbira manda a mwana wanga kumapiri kuja, poti khasu tinalisiya. Nditamukwirira ndinapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti ndisafe ndisanadye mbale imodzi ndi iwe. Amayi anapita osadya nawe, ndipo ankalira, ine ndinkawaona. Ine ndakalamba, mpwanga. Sindikuti ubwerere kumzikiti, iwenso usanditengere kutchalitchi. Ndikuti tidye."

Anatenga kachidutswa n'kudya. Anadikira. Ana inu, mbale imene ndinali nayo m'manja ndinaitsuka mpaka inatsala pang'ono kubooka. Kenako ndinaona dzanja la a Matewere likutsika n'kutenga. Anatafuna, misozi ikugwera pa malaya, mkulu wosaseka uja. Anadya awiriwo mpaka mbale inayera.

Dzuwa litapendeka abusa aakulu anaitanitsa mpingo m'tchalitchi. A m'misasa aja anaima m'mazenera. Agogo anu anaimikidwa kutsogolo, malaya ali ndi madontho a magazi a mbuzi. Atafunsidwa funso lija, akulu enawo anavomera mmodzimmodzi. Kenako abusa aakulu anati, "Nanga inu a Matewere, mwana uyu timuike manja?" Ine mwana m'mimba anandimenya chidendene. A Matewere anaimirira, anapukuta pakamwa.

"Abusa, ndinalonjeza kuti ndinena za mumtima. Mnyamata uyu ulaliki wake ndi wautali, amatigonetsa. Makani ali nawo. Ndipo musanamizidwe, paja anatsinzina paja sankapemphera, amaopa magazi." Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete, ine ndinabisa nkhope m'chitenje. Iwo anadikira phokoso lithe. "Koma ine lero ndadya ndi achimwene anga. Muikeni manja."

Zaka zambiri pambuyo pake, tili kale pa boma pano, tsitsi litachita imvi, ndinawafunsa agogo anu. Ndinati, "Abambo, tsopano takalamba, ndiuzeni zoona. Mbuzi ija chinali chifundo kapena mantha?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Mayi, Mulungu amagwiritsa ntchito zimene wapeza." Ndinawaponyera mtsamiro.

Nkhondo itatha, ambiri a m'misasa aja anabwerera kwawo, Che Amidu nawonso. A Matewere ankakwera njinga kukawaona kutsidyako mpaka miyendo inawakana. Onse anapita kalekale. Inu munali aang'ono pamene agogo anu anatisiya, mwina simukumbuka bambo wina wa mzuli woyera amene anafika pa maliro m'mamawa, fumbi mpaka m'maso, njinga itaphulika tayala. Palibe anamutumira uthenga, anangomva kwa ogulitsa nsomba. Anandipeza m'nyumba ya siwa, anagwada pakhomo, n'kumasula kansalu. M'katimo munali mpeni uja, utatha ndi kunola, watsala ngati tsamba la bango.

"Amayi, ndine mdzukulu wa Che Amidu. Ndinadya nawo mbuzi ija ndili mwana. Ndabwera kudzazinga ya abusa, kuti tonse tidye."

Tsiku lonse ndinali ndisanalire mokweza, poti amati amayi busa azilimba. Pamenepo ndinalira.

Tsono iwe Tadala, pita ukaphunzire. Chigiriki chimenecho ukachidye, ukawapose anyamata onse, undibwezerere zanga zija. Koma akadzakutumiza ku mpingo wako woyamba, usanatsegule laputopu, udzazungulire kuseri kwa mpanda, udzaone amene akumva fungo la ndiwo zako. Ndipo mawa usananyamuke tikuphera nkhuku. Madalitso, dzuka, siya foniyo, thamanga kwa a Yusufu oyandikana nafewa ukawauze kuti mawa abwere ndi mpeni, ndi ana awo omwe.